Chikalata cha Madandaulo cha Akhristu a ku Likhubula pa za Phiri, Guwa ndi Wailesi

Kwa Bwanamkubwa wa boma la Mulanje, ndipo kudzera mwa inu, kwa atsogoleri a Evangelical Association of Malawi, bungwe loyang'anira mawailesi la MACRA ndi unduna woona za migodi.

Bwana wathu wolemekezeka,

Ife akhristu a mipingo yosiyanasiyana okhala m'tsinde mwa phiri la Mulanje kuno ku Likhubula, alimi, othyola tiyi, amayi a mvano ndi anyamata osenza katundu wa alendo okwera ku Chambe ndi ku Sapitwa, titakhala pansi ndi kusinkhasinkha nthawi yaitali, ndipo titakumbukira kuti mbewa ya manyazi idafera kuuna, tadza kudzagwira mwendo wanu kuti mumve zimene zatilemera mumtima ndi kuzifikitsa kwa amene ali nayo mphamvu yozikonza.

Phiri ili, limene lidaikidwa kukhala nkhalango yotetezedwa mu 1927, ndiponso limene bungwe la UNESCO lidalilemba m'kaundula wa malo ofunika pa dziko lonse mu Julaye 2025, ndilo limatimwetsa, kutithirira mbewu ndi kutipatsa ganyu. Madzi a mtsinje wa Likhubula tsopano amayenda m'mipope kupita ku Nguludi ndi ku Blantyre, malita 20 miliyoni pa tsiku monga idakonzedwera ntchitoyo, imene idalipiridwa ndi ngongole ya madola 23.5 miliyoni yochokera ku India. Ndipo ife sitiwachitira kaduka abale athu a mumzinda, pakuti kumana munthu madzi nkuchimwira Mwini madzi. Chimene anthu a kuno adalirira pachiyambi, ndipo tikulirirabe, nchakuti wotunga azisamala chitsime, chifukwa mkungudza, umene udatchedwa mtengo wa fuko mu 1984, watsala pang'ono kutheratu, ndipo ife amene tidaona napolo wa ku Phalombe mu 1991 ndi namondwe wa Freddy mu Malichi 2023 tikudziwa chimene phiri lovulidwa limachitira ogona pansi pake. Pamwamba pa zimenezi, maso a makampani sachoka pa miyala ya bauxite ya ku Lichenya ndi dothi la mtengo wapatali la ku Chambe, ndipo kawirikawiri ife timamva za zilolezo zawo nkhani itapsa kale ku Lilongwe.

Dandaulo lathu lalikulu, limene tikulinena ndi mantha ndi chikondi, popeza wakutsina khutu ndi mnansi, likupita kwa abusa athu. Pa 13 Julaye 2023 tidaona mphamvu ya mpingo, pamene Akatolika, a Malawi Council of Churches, a Evangelical Association of Malawi pamodzi ndi Asilamu adadzaza misewu ya m'mizinda kukana maukwati a amuna okhaokha kapena akazi okhaokha. Sitidadze kudzatsegulanso mlandu umenewo. Funso lathu nlakuti, ngati liwu limodzi lochokera pa guwa likhoza kusonkhanitsa khamu lotere pa tsiku limodzi, nanga lakhaliranji chete pamene mapulanga a mkungudza akutsika m'phiri, pamene mayi wothyola tiyi akulandira malipiro osafika kumapeto a mwezi, ndi pamene malo otchingira madzi a anthu zikwizikwi akuyezedwa kuti akumbidwe? Buku limene inu abusa mumatiphunzitsa za chiyero cha banja ndi lomwelo likusimba za munda wampesa wa Naboti, ndi za Eliya amene sadaope kukaima pamaso pa Ahabu. Tikukumbukanso kuti kalata ya maepiskopi ya pa 8 Malichi 1992 idagwedeza ulamuliro wa chipani chimodzi chifukwa idanena za malipiro a mmphawi, za zipatala, za sukulu ndi za ufulu wolankhula, zinthu zimene andale sadafune kumva.

Masiku ano andale adaphunzira njira yofupika yolowera m'mitima ya okhulupirira: amafika m'kachisi nyengo ya kampeni, napatsidwa mpando wa kutsogolo, nalonjeza kuteteza chikhalidwe ndi kuopa Mulungu, naponya envulopu m'mbale ya chopereka, ndipo mbusa amene wadya za mlendo sakhalanso ndi pakamwa pomufunsira za chilolezo cha mgodi. Dziko lino lidalamulidwapo kuyambira 2020 mpaka 2025 ndi Dr. Lazarus Chakwera, amene adatsogolera mpingo wa Assemblies of God zaka zoposa 20, ndipo ngakhale timalemekeza utumiki wake, zaka zimenezo zidatiphunzitsa kuti kukhala ndi mbusa kunyumba ya boma sikumasula abusa ena ku udindo wodzudzula. Tikupempha tsono kuti mabungwe a mipingo alembe kalata yowerengedwa m'makachisi onse yonena poyera za phiri la Mulanje ndi za udindo wa makampani, ndi kuti guwa lisabwerekedwe kwa wofuna mavoti, akhale wa chipani chiti.

Za ofalitsa nkhani tinena mwachidule, ngakhale bala lake nlakuya. Wailesi ya boma, imene imayendera misonkho ya tonsefe, yakhala ikuimbira ng'oma chipani cholamula, chikhale cha UDF, DPP, PP kapena MCP, ndipo nyumba zina zoima pazokha zimaopa kukhumudwitsa makampani amene amalipira malonda pa wailesi ndi m'nyuzipepala. Mtolankhani amene wabwera pa galimoto ya kampani, nalandira chipondamthengo cha kampani, adzalemba za mjigo umodzi ndi mbande zobzalidwa pa tsiku la mwambo, koma sadzabweranso kudzawerenga mbande zimene zidaphuka. Ndipo ife tikadandaula timatchedwa odana ndi chitukuko kapena otumidwa ndi otsutsa boma. A MACRA akumbutse nyumba zonse, ndi mawailesi a mipingo omwe, kuti nkhani ya phiri ikamaulutsidwa, liwu la wokhala m'tsinde mwake lizimveka m'chinenero chake ndi pa nthawi yofanana ndi ya bwana wa kampani.

Kwa inu, Bwanamkubwa, pempho lathu ndi ili: popeza lamulo lopatsa nzika ufulu wopeza nkhani za boma lidayamba kugwira ntchito mu Sepitembala 2020, mutionetse zilolezo zonse zofufuza kapena kukumba miyala m'phiri lino, mayina a eni ake, malire ake ndi malipoti a kafukufuku wa za chilengedwe, zomasuliridwa m'Chichewa ndi zopachikidwa pamalo poti aliyense awerenge. Mutiuzenso mitengo imene yabzalidwa m'mbali mwa Likhubula chiyambire ntchito ya mipope, ndi imene ili moyo. Ndipo kampani iliyonse isanaponde m'nkhalango, muitanitse bwalo lapoyera kuno ku Likhubula, masana dzuwa likuswa mtengo, pamaso pa mafumu, abusa, mashehe, amayi ndi achinyamata, kuti mafunso athu ayankhidwe ndi eni ake a kampaniyo, ndipo mayankhowo alembedwe.

Tidzayembekeza yankho lanu lolembedwa, ndipo tili okonzeka kutuma nthumwi zathu ku ofesi yanu pa tsiku limene mudzatiikire.

Ndife ana anu mwa Ambuye,
Akhristu ndi anthu okhala ku Likhubula, Mulanje