Msodzi wa ku Makanjira nayenso ndi wokhoma msonkho

Pali mawu amene tiyenera kuwakana: akuti wokhoma msonkho ndi yekhayo wa kuofesi kapena mwini kampani, ndipo enafe timangodyera thukuta lawo. Mawuwa atseka pakamwa anthu ambiri kuno ku Mangochi.

Lamulo lili ndi mndandanda wake. Bungwe la MRA, lomwe lidayamba ntchito mu 2000, limalemba m'kaundula anthu ndi mabizinesi ndi kuwapatsa nambala ya TPIN. Wolembedwa ntchito amadulidwa PAYE malipiro ake akapitirira malire, omwe mu 2024 adafika K150,000 pamwezi. Pa VAT, lamulo limayang'ana wamalonda wolembetsedwa kuti ndiye apereke ndalamazo ku boma. Koma wamalondayo amazitenga kwa ndani? Kwa mayi wogula shuga wa futari. Kwa mwana wa sukulu wogula mayunitsi a foni.

Taonani msodzi wa ku Makanjira kapena ku Malembo. Pa lita iliyonse ya petulo wa injini ya boti lake pali ndalama ya misewu, chikhalirecho botilo limayenda pamadzi. Mayi wogulitsa usipa amadula chiphaso cha khonsolo asanagulitse ngakhale mulu umodzi. Anthuwa dzina lawo mulibe m'kaundula, koma ndalama zawo zili m'thumba la boma.

Ife timaidziwa zakaat. Ili ndi nisaab: amene chuma chake sichinafikepo sapereka, ndipo wosauka ndiye wolandira. Msonkho wa pa katundu ulibe nisaab. Mwana wamasiye ndi mwini hotela ya kunyanja amalipira chimodzimodzi pa paketi ya shuga, koma amene zimamupweteka ndi wamasiyeyo.

Sitikunena kuti tizembe msonkho, ayi, ndipo zakaat silowa m'malo mwake. Tikunena kuti wopereka ali ndi ufulu wofunsa. Lamulo lopatsa nzika mwayi wopeza uthenga kuchokera ku boma lidayamba kugwira ntchito mu 2020. Tiligwiritse ntchito. Tifunse khonsolo kuti ndalama za pamsika zimatoleredwa zingati ndipo zimapita kuti. Tifunse aphungu ndi makhansala za msewu wa ku Makanjira, womwe anthu aulirira kwa zaka zambiri.

Ophunzira athu, mukafuture ndi makolo madzulo ano, awerengereni zimenezi. Akamapita ku msonkhano wa chitukuko, asapite ngati opempha. Adalipira kale.