Wodwala Wosalembedwa m'Buku Saonedwa ndi Boma

Kwathu kuno kwa Mfumu Mphuka, m'boma la Luangwa kumene akulu akali kucha Feira, munthu akayamba kuturuka mawanga akuda m'miyendo, phazi ndi kutupa ndi kuuma ngati cikuni, ambiri a ife timathamangira kunena kuti waponda mankhwala. Nkhuku ndi mbuzi zimathera kwa asing'anga, ndipo ku cipatala timafika nthenda itazika mizu. Lero, inu awerengi, tiyeni tikambirane za mai wina wophunzira amene nchito yake iyenera kutisintha maganizo pa nkhani imeneyi.

Maiyu anali Profesa Anne Bayley, dotolo wa opareshoni wocokera ku England, amene kuyambira m'zaka za m'ma 1970 anagwira nchito pa cipatala cacikulu ca UTH ku Lusaka, naphunzitsanso pa Yunivesite ya Zambia. Kwa zaka zambiri anali kuona odwala khansa yochedwa Kaposi's sarcoma, ija ya mawanga akuda. Nthendayi inali yodziwika kale muno mu Afirika: inali kugwira makamaka amuna acikulire, kuyambira ku mapazi, ndi kukula pang'onopang'ono, ndipo inali kumva mankhwala. Mai Bayley anaidziwa bwino cifukwa anali kusunga mbiri ya odwala ao caka ndi caka.

M'caka ca 1983 anaona cacilendo. Kunabwera odwala 13, ambiri acinyamata, ena mwa iwo akazi. Anali ndi anabele m'thupi lonse, zironda m'kamwa, kuonda koopsa ndi kupuma mobvutika. Mankhwala aja sanagwire monga kale, ndipo 8 mwa iwo anamwalira cakaco cisanathe. Mu 1984 iwo analemba zimenezi m'nyuzipepala ya madotolo yochuka ya The Lancet, ya ku London. Mu 1985, pamodzi ndi anzao, anapima magazi naonetsa kuti odwala a mtundu watsopanowu anali ndi kacirombo kamene lero timati HIV, pamene ambiri a mtundu wakale analibe.

Masiku amenewo anthu ambiri anali kuyesa kuti Edzi ndi nthenda ya amuna owerengeka a ku America ndi ku Ulaya. Zolemba za ku Lusaka zinakhala umodzi wa maumboni oyamba oti nthendayi inali kufalikira pakati pa amuna ndi akazi muno mu Afirika, ndipo madotolo a maiko ambiri anaziwerenga. Dziko lathu linamva pang'onopang'ono, kufikira mu 1987 pamene Dr Kenneth Kaunda ananena poyera kuti mwana wao anamwalira ndi Edzi. Mau a akulu akoma akagonera. Ofufuza ena anapitiriza nchito: mu 1994 Yuan Chang ndi Patrick Moore anapeza kacirombo kenanso kamene ndiko kamayambitsa khansa imeneyi, kamene kamakhala duu m'thupi kufikira mphamvu yolimbana ndi matenda itacepa.

Kapena wina adzafunsa kuti: pepala losindikizidwa ku London lim'thandiza ciani msodzi wa pa Luangwa kapena nkhalamba yosoka mphasa? Yankho liripo. Cifukwa ca nzeru zimenezi, lero namwino akaona mawanga aja amadziwa kuti ayenera kupima magazi msanga. Mankhwala a ARV ndi aulere m'zipatala za Boma, ndipo kwa ambiri amene afika msanga amabweza nthendayi m'mbuyo. Amene afunika thandizo loposa amatumizidwa ku cipatala ca khansa ca ku Lusaka, cimene cinatsegulidwa mu 2007.

Koma phunziro lalikulu ndi ili: Mai Bayley anazindikira catsopano cifukwa anali atawerenga cakale. Nanga munthu amene afera m'nyumba kwa Mphuka, osaponda pa cipatala ca Katondwe kapena ca ku Boma, awerengedwa ndi yani? Dzina lake mulibe m'buku liri lonse. Okonza za umoyo ku Lusaka akatsegula mabuku adzayesa kuti kuno kulibe khansa, ndipo mankhwala ndi anamwino adzapita kumene ziwerengero zioneka. Tikabisa wodwala, timadzimana tokha.

Cotero pempho lathu lipita kwa anthu atatu. Inu abale ndi alongo, mukaona mawanga, cotupa kapena cironda cosapola, pitani ku cipatala mwezi usanathe. Inu anyakwawa, nenani zimenezi pa misonkhano ya m'midzi, ndipo musalole kuti nkhalamba zinamiziridwe ufiti pa nthenda imene dzina lake lidziwika. Inu a Unduna wa za Umoyo ndi ophunzira a ku Yunivesite, onetsetsani kuti odwala a ku zipatala zazing'ono akulembedwa bwino, ndipo zimene mupeza mubwere nazo kuno, mutifotokozere m'cinenero cathu. Ulendo wa ku Lusaka ndi wautali ndi wodula kwa mlimi wodwala. Kwa inu amene muli ndi galimoto la Boma, ulendo wa ku Luangwa ndi wa tsiku limodzi cabe.