ZA MAGALIMOTO: Kanyali ka Galimoto Yoterereka

Mvula ikayamba kugwa m'mwezi wa Novembala ndipo miseu ya kumidzi ikasanduka matope, eni magalimoto ena amadzidzimuka poona kanyali kacikasu katayaka patsogolo pa woyendetsa, pafupi ndi wochi yoonetsa liwiro. Kanyali kameneka kali ndi cithunzi ca galimoto ndi mizere iwiri yokhota-khota pansi pace. Pa magalimoto a Toyota ocokera ku Japan pamalembedwanso kuti VSC, pa Nissan VDC, pa Honda VSA, ndipo pa Mercedes-Benz ESP. Maina ndi osiyana koma nchito yace ndi imodzi.

Kanyalika kamanena za cipangizo coletsa galimoto kuterereka ndi kupatuka pamseu. Pa wilo lililonse pali kacitsulo kochedwa sensa kamene kamawerenga liwiro la wilolo. Sensa ina ili pa ciwongolero, ndipo ina imamva mmene galimoto ilikutembenukira. Kompyuta ikaona kuti woyendetsa wakhotera kumanzere koma galimoto ilikungopita kutsogolo, imagwira buleki pa wilo limodzi lokha ndi kucepetsa mphamvu ya injini. Ici ndi cinthu cimene phazi la munthu silingacite, ngakhale akhale katswiri wotani. Nzeru imeneyi inayamba kuikidwa m'magalimoto m'caka ca 1995, ndipo kucokera mu 2014 maiko a m'bungwe la European Union analamula kuti galimoto yatsopano iliyonse ikhale nayo.

Coyamba cimene woyendetsa ayenera kudziwa ndico kusiyanitsa mayakidwe ace. Kanyali kakamathwanima pamatope kapena pamcenga, palibe caonongeka. Cipangizo cili pa nchito, ndipo woyendetsa ayenera kucepetsa liwiro basi. Koma kakayaka osazima, ndiye kuti cipangizo caleka kugwira nchito. Galimoto idzayendabe, mabuleki adzagwirabe, koma pa gulaye yoterera thandizo lija silidzakhalapo. Kwa munthu wonyamula wodwala usiku kucokera kumudzi kupita ku cipatala ca ku Lundazi kapena Katete, iyi si nkhani yaing'ono.

Mwini galimoto asathamangire kugula zitsulo zatsopano. Ayambe waona ngati mwana kapena bondo lace silinakanikize batani lozimira cipangizoci. Pa Toyota zambiri, kuzima injini ndi kuilizanso kumabwezera zonse m'malo mwace. Ayang'anenso mafuta a mabuleki ngati sanacepe, batire ngati silinafooke, ndiponso nyali zam'mbuyo ngati zilikuyaka poponda buleki, pakuti kaswichi ka pa buleki kakafa kamasokoneza kompyuta.

Matayala nawonso ali ndi mlandu wao. Ambiri amagula tayala lakale lililonse limene apeza pamsika, malinga lilowe pa wilo. Tayala lalikulu limazungulira pang'onopang'ono koposa laling'ono, motero kompyuta imayesa kuti wilo lina lilikuterereka. Manambala olembedwa m'mbali mwa matayala onse anai ayenera kufanana, ndipo mpweya ukhale wokwanira.

Pa miseu ya kumidzi vuto limakonda kukhala pa masensa a mawilo. Matope amauma pamenepo, ndipo zitsa ndi miyala zimadula tinthambo topita ku sensa. Zikatero, kanyali ka ABS kamayaka pamodzi ndi kanzace, cifukwa zonse ziwiri zimadalira masensa amodzimodzi. Makanika wosamala amacotsa wilo, napukuta sensa ndi nsalu, natsatira nthambo kufikira apeze pamene yaduka. Nthawi zina colakwa ndi bering'i ya wilo imene yatha. Nthawi zina ciwongolero cinakhala mopendekera galimoto itagwa m'dzenje, kapena atakonza miyendo yace.

Zonsezi zikalephera, galimoto ipite ku galaji yokhala ndi makina owerenga kompyuta. Makinawo amalumikizidwa pa soketi ya mabowo 16 imene ili pansi pa ciwongolero, ndipo amaonetsa nambala yosonyeza pamene pali vuto, ngakhale wilo lace lenileni. Pa Toyota zambiri vuto la injini limayatsanso kanyali ka VSC, cotero makanika woganizira cabe akhoza kusintha masensa abwino-bwino pamene nthenda ili kwina. Ndalama za cimanga kapena fodya za caka cathunthu zitha kuthera m'zongoyesa zotere. Mwini galimoto afunse nambalayo ndi kuilemba asanalipire citsulo ciliconse. Kufafaniza nambala cabe si kukonza ai. Kanyali kadzayakanso panjira.

Pali mcitidwe wina woipa wofunika kuudzudzula. Ena amamata kanyalika ndi tepi yakuda, ena amakacotsa asanagulitse galimoto. Wogula aliyense atembenuze kiyi osaliza injini, ndipo aone ngati kanyali kayaka. Kayenera kuyaka ndi kuzima kokha patapita kanthawi kocepa. Kakapanda kuyaka konse, pali munthu amene anafikapo.

Galimoto ikatitimira m'matope, woyendetsa angathe kuzima cipangizoci ndi batani lija kuti mawilo azungulire momasuka, koma aciyatsenso akangoturuka. Ndipo ngati kanyali kofiira ka mabuleki kayaka pamodzi ndi kacikasu, galimoto iimikidwe pambali pa mseu nthawi yomweyo, ndipo isayendenso kufikira makanika ataona mabuleki.