Galimoto ikafooka pachitunda, tisanyozere

Kuchoka ku Area 47 kupita ku City Centre kapena ku Old Town mumzinda wa Lilongwe, palibe chitunda choopsa. N'chifukwa chake galimoto yakale imabisa matenda ake chaka chathunthu, n'kudzaulula tsiku lomwe yasenza banja ndi matumba a fetereza ulendo wakumudzi. Ikafika m'zitunda za ku Dedza pamsewu wa M1, kapena pokwera Khwekhwerere kuchokera ku Golomoti, mphamvu zonse zii!

Ife tikuti kufooka kotereku ndi chenjezo. Injini ikazima pachitunda mabuleki amalimba, ndipo galimoto itha kubwerera chambuyo ndi anthu momwemo.

Komatu sikuti nthawi zonse injini imakhala yatha, monga ena amathamangira kunena. Yambani ndi zotchipa. Galimoto ikamatsamwa mukaponda moto, onetsani sefa ya mafuta ndi mapulagi. Ikamafuka utsi wakuda, mwina sefa ya mpweya yadzaza fumbi. Injini ikamalira kwambiri koma liwiro osawonjezereka, kwinaku mukumva fungo lopserera, vuto ndi klatchi.

Samalaninso ndi mafuta a m'zigubu, omwe ambiri adawazolowera mafuta atasowa mu 2011 ndi 2012. Ena amakhala osakaniza ndi madzi kapena parafini, ndipo zinyalala zake zimatseka sefa.

Amakaniko, uzani eni galimoto zoona m'malo mowagulitsa zipangizo zosafunika. Eni galimoto, konzetsani musananyamuke ndipo chepetsani katundu. Inu apaulendo, galimoto ikayamba kuwefuka pachitunda, pemphani kutsika. Paja mbewa yamanyazi idafera kuuna.