Manambala a khansa acokela mu komboni, owawelenga nawonso acokele mu komboni

Pa kiliniki yopima khansa ya khomo la cibalilo, ba nesi apaka viniga, ayang'ana, nthawi zina ajambula cithunzi, kenako alemba: dzina la amai, zaka zawo, ngati ali na HIV, zimene zaoneka, na tsiku lobwelanso. Nchito iyi inayamba muno mu Lusaka mu 2006, Unduna wa Zaumoyo pamodzi na CIDRZ. Kucoka nthawi ija, zolembedwa za amai a ku Kanyama, Chawama, George na Mtendere zaunjikana m'mabuku na m'makompyuta.

Funso langa ni ili: nindani akhala pansi kuwelenga zonsezo?

Nchito imeneyo ndiyo amati data science. Dzina lake liopsa, koma maziko ake ni osavuta. Utenga zolembedwa zambili, ukonza zolakwika, ndiye uzifunsa mafunso. Mwa amai amene anapezeka na vuto, ni angati anabwelako kudzalandila thandizo? Amene anauzidwa kuti apite ku UTH kapena ku Cancer Diseases Hospital, cipatala ca khansa cimene cinatsegulidwa mu 2007, anafikako onse? Ni komboni iti imene anthu ake afika matenda atakula kale?

Mayankho ake ni moyo wa munthu. Khansa iyi ikapezeka msanga imacila. WHO ikamba kuti mzimai amene ali na HIV angaidwale kuwilikiza ka 6 kuposa amene alibe. Mu 2020 inaika colinga cakuti pofika 2030, atsikana 90 pa 100 alionse alandile katemela wa HPV, amai 70 pa 100 apimidwe, ndipo 90 pa 100 mwa opezeka na matenda athandizidwe. Popanda owelenga bwino, sitingadziwe ngati tafika pati.

Apa ndiye niona kuti mwana wa mu komboni ali na cinthu cimene munthu wa digili yekha angasowe. Kompyuta ingaonetse kuti amai uje sanabwelenso. Koma wokulila mu Kanyama adziwa kuti nthawi ya mvula madzi amatseka njila, kuti wa lendi amasamuka kawili pa caka, kuti nambala ya foni inalembedwa ija mwina ni ya amuna awo amene sanauzidwe kanthu. Adziwanso kuti Tisa na Tisauke angakhale munthu mmodzi wolembedwa kawili.

Kwina anazindikila kale kufunika kwa maphunzilo awa. Ku Fred Hutch, malo ofufuza za khansa ku Seattle ku America, kuli gulu lophunzitsa anchito awo R na Python, ndipo maphunzilo ena anawaika pa intaneti mahala. Manje ise cativuta n'ciani? CDH, UNZA School of Public Health na malo monga BongoHive angagwilizane kutsegula makalasi a pa Saturday a acinyamata otsiliza Grade 12, na kutengako ena ocita bwino kukathandiza ku Zambia National Cancer Registry, kumene amasunga ciwelengelo ca odwala khansa m'dziko.

Nidziwa ena adzati ndalama ziyambe zapita ku mankhwala na makina. Ni zoona, wodwala afuna mankhwala lelo. Koma cipinda, malaputopu ocepa na mphunzitsi mmodzi si mtengo wa makina a radiotherapy, ndipo mzimai mmodzi wopezeka msanga sadzafunikanso makinawo. Ena adzaopa za cinsinsi. Mantha amenewo ni oyenela: mu komboni nkhani imathamanga kuposa minibasi. Ndiye cifukwa cake ophunzila ayenela kuyambila pa zolembedwa zocotsedwa maina, na kudziwa bwino lamulo la Data Protection Act la 2021 asanakhudze fayelo ya munthu weniweni.

Kwa imwe anzanga, osayembekeza kuti mpaka akuitaneni. R na Python zilibe malipilo. Yambani na Excel kapena Google Sheets, olo pa foni: lembani ndalama za cilimba, kapena masiku amene madzi acoka pa kiyosiki kwanu, muone zimene manambala akuuzani. Bando imene ikutha pa TikTok igaweniko. Ndipo mukafika kunyumba madzulo, funsani amai kapena asisi anu kuti anapimitsa liti.