Kusunga Nsato Sikuiweta

M'Chichewa muli mawu awiri amene ana amasiku ano akuwasokoneza: kuweta ndi kusunga. Munthu amaweta mbuzi, nkhuku ndi nkhunda. Amazimangira khola, ndipo tsiku la mlendo imodzi imagwa. Koma manda, chitsime ndi mwambo zimasungidwa, pakuti mwini wake si munthu mmodzi. Achewa akale a m'mapiri a Dowa ndi Ntchisi ankaidziwa bwino nsato, ankaiopa, ankailemekeza, koma sadaimangirepo khola.

Nkhaniyi yabuka chifukwa adzukulu ena okhala ku Johannesburg ndi ku London ayamba kutumiza zithunzi kumudzi atakoleka njoka m'khosi. Njokayo ndi kansato kamene Azungu amakatcha ball python, chifukwa kakachita mantha kamadzikulunga ngati mpira, mutu n'kuubisa pakati. Kwawo ndi kumadzulo ndi pakati pa Africa, ndipo tambiri togulitsidwa kunja tachokera ku Ghana, Togo ndi Benin. M'Malawi kulibe. Kalibe ululu, ndi kofatsa, ndipo kawirikawiri sikapitirira mita imodzi ndi theka. Oweta adakasakaniza mpaka kubala toyera, tachikasu ndi tamawangamawanga. Kukongola kwake palibe angatsutse, koma paja chikomekome cha mkuyu mkati muli nyerere.

Nyerere zake ndi izi. Kansatoka kamakhala ndi moyo zaka 20 mpaka 30, ndipo kena ku St. Louis Zoo, ku America, kadaikira mazira mu 2020 kali ndi zaka zoposa 60. Mnyamata wokagula ali pa sukulu adzakwatira, adzabala ana, anawo adzatha msinkhu, iko kakadali m'bokosi kudikira chakudya. Thupi lake silidzitenthetsa lokha, choncho mbali ina ya bokosi iyenera kufunda madigiri 31 kapena 32, mbali inayo 25 kapena 26, kuti kazisankha pokhala. Kamafuna pobisala pa mdima, madzi abwino, ndi chinyezi chokwanira kuti kafundule bwino. Chinyezi chikachepa, khungu lakale limakanirira m'maso ndi kumchira. Tsono aliyense amene adagonapo ku Ntchisi mwezi wa June akudziwa chisanu cha kumeneko. Magetsi akazima usiku umodzi kapena uwiri, kanyama ka ku Togo kamadwala chifuwa, ndipo dokotala wa ziweto wodziwa njoka sapezeka pafupi.

Chakudya chake ndi mbewa kapena khoswe wathunthu, kamodzi pa sabata kapena pa masabata awiri. Si mbewa zofutsa za pa mpani zija anyamata amagulitsa m'mbali mwa msewu wa ku Mponela ayi. Izo n'za anthu, ndipo n'zokayikitsa ngati agogo angalole ndiwo yabwino chotero ipite kwa njoka. Khoswe wa m'nyumba akhoza kukhala atadya mankhwala, ndipo wamoyo amaluma njokayo ikakhala kuti ilibe njala. Nthawi zina kansatoka kamakana kudya kwa miyezi, mwini wake n'kumasowa tulo. Wokagwira ayenera kusamba m'manja ndi sopo, chifukwa njoka zimanyamula tizilombo ta Salmonella totsegula m'mimba, makamaka kwa makanda. Mdzukulu wa kunja amene akuchita zonsezi mokhulupirika asadzudzulidwe. Angodziwa kuti kudzikulunga kuja si chikondi, ndi mantha.

Choopsa chenicheni chili kumudzi. Mnyamata wa ku Mvera kapena ku Malomo akaona chithunzi pa Facebook amaganiza kuti nsato ndi nsato basi, n'kupita kuphiri kukagwira kamwana ka nsato ya kuno. Safunsa adadya phula. Nsato ya kuno ndi mtundu wina: imafika mamita atatu, anayi, ina kuposerapo, imameza mbuzi ndi gwape, ndipo ngakhale ilibe ululu, mano ake amang'amba mnofu. Kamwana kamene lero kakukwana m'chidebe, pakatha zaka zochepa sikakwana m'nyumba muli ana. Lamulo loteteza nyama zakutchire, limene lidakonzedwanso mu 2017 n'kukhwimitsa zilango, sililola munthu kukhala ndi nyama yotetezedwa popanda chilolezo, ndipo malonda a nsato pakati pa mayiko amayendetsedwa ndi pangano la CITES.

Palinso china chimene mabuku a Azungu ophunzitsa kuweta njoka sachitchula. Pamudzi, munthu wopezeka ndi njoka m'nyumba amatchedwa wokhwima. Amati njokayo ndi yokawa ndalama kapena chimanga cha anzake. Mwana akadwala kwa aneba, chala chimaloza khomo lomwelo, ndipo kawirikawiri wovutika si mnyamata woweta uja koma agogo ake aakazi. Lamulo la za ufiti la 1911 limaletsa kunenera munthu ufiti, komabe nkhalamba zakhala zikumenyedwa, kuotcheredwa nyumba, zina kuphedwa kumene. Mchitidwe umenewu ndi nkhanza yochititsa manyazi, ndipo mafumu ayenera kuudzudzula poyera. Koma wachinyamata wanzeru sayika agogo ake pa moto chifukwa chofuna chithunzi.

Ena amati, "Nanga si makolo omwewo ankakhala ndi njoka kukachisi?" Funso ndi labwino. Samuel Josia Nthara, mwana wa ku Dowa, adalemba za kachisi wa ku Msinja m'buku lake la Mbiri ya Achewa. Kumeneko kudali Makewana, mayi wopempha mvula kwa Chisumphi m'malo mwa mtundu wonse, ndipo mwambo umanena za njoka yopatulika, Thunga, imene ambiri amati ndi nsato. Ku Khulubvi, m'boma la Nsanje, Amang'anja amati Mbona amayendera mkazi wake Salima ali m'maonekedwe a nsato. Ngakhale kwawo kwa kansato kodzikulunga kaja, mu mzinda wa Ouidah ku Benin, kuli kachisi wa nsato, ndipo imene yasochera n'kulowa m'nyumba ya munthu imanyamulidwa mwaulemu kubwezedwa kukachisi. M'malo onsewa njokayo si ya mwini. Imadza ngati mlendo wolemekezeka, ndipo chimene anthu ankasamala ndi nkhalango yake: osadulamo mtengo, osatenthamo moto. Kumeneko ndiye kusunga.

Nkhalango ya Ntchisi idasungapo anthu. M'zaka za m'ma 1800, Angoni akuthira nkhondo, Achewa ankathawira m'phirimo. Lero mapiri ambiri a Dowa adameteka mpala chifukwa cha nkhuni, makala ndi zigafa za fodya, ndipo moto wosakira mbewa umapsereza zotsala chaka ndi chaka. Nsato ikasowa mbira ndi akalulu imatsikira kukhola la nkhuku, anthu n'kuitcha mbava. Chonsecho nsato zazing'ono zimadya makoswe ndi nchenzi zoononga m'minda.

Ndi mayi wosamala ana kuposa mmene ambiri amaganizira. Mu 2018 Graham Alexander wa ku yunivesite ya Witwatersrand adafalitsa zimene adapeza atatsata nsato za mtundu wa kuno kwa zaka zingapo. Yaikazi imafungatira mazira ake m'una, khungu lake limada kuti litenge msanga kutentha, imatuluka kukaothera dzuwa n'kubwerera kukafunditsa mazirawo, ndipo nthawi yonseyi siidya kanthu. Ana akaswa imakhala nawobe pafupifupi masabata awiri. Kamwana kamene mnyamata wanyamula pakamwa pa una kachotsedwa pa chisamaliro chimene bokosi silingapereke.

Nsato ikapezeka m'khola, pali njira ina kupatula chibonga ndi chidebe. Ana ndi agalu achotsedwe, anthu aime patali, amfumu auzidwe, ndipo uthenga upite kwa alangizi a zankhalango kapena a dipatimenti yoona za nyama zakutchire. A Lilongwe Wildlife Trust nawonso amalandira nyama zovulala ndi zolandidwa kwa oweta mobisa, ndipo zimene zachira amazibwezera kutchire. Khola la nkhuku lomangidwa m'mwamba, lotsekedwa ndi waya wa mabowo aang'ono, nsato siilowamo.