Mutoriro ku Chikanga: Kodi Mwanayo Akusankha Yekha?

Mnyamata akanyamula mbaula ya gasi ya amayi ake n'kukaigulitsa ku msika wa Sakubva kuti apeze ndalama ya mutoriro, abale akasonkhana samvana chimodzi. Ena amati mwanayo ndi woipa mtima basi, apolisi amutenge akaphunzire kundende. Ena amati si iyeyo ayi, mankhwala ndi amene amudya ubongo. Salephera azakhali onong'ona kuti alipo anamuchita, ndi bwino kupita naye kwa mneneri kapena kwa sing'anga. Mkangano wotere si wachilendo ku Chikanga, ku Sakubva, ku Dangamvura ndi m'malokeshoni ena a mzinda wa Mutare, ndipo sunawasiye kumbali mabanja a anthu amene makolo awo anachokera ku Nyasaland kudzagwira ntchito kunjanji, m'mafamu ndi kumigodi ya ku Penhalonga. Okanganawo akubwereza funso limene lazunguza mitu ya anthu oganiza mozama kwa zaka zoposa 2,000: kodi munthu amasankhadi yekha zochita, kapena thupi lake, umphawi wake ndi mbiri yake zimakhala zitamusankhira kale? Ine ndikuti ufulu wosankha ulipo, koma munthu sakhala nawo wonse kapena kuusowa wonse. Umakula ndipo umachepa. Umaoneka bwino tikamuyang'ana munthu pa miyezi ndi zaka, osati pa kamphindi kamene wagwira paipi.

Amene akuti si iyeyo ali ndi mfundo yolemera, ndipo tiyenera kuimva yonse. Mutoriro, umene ena amautcha guka kapena dombo, ndi methamphetamine. Umachititsa ubongo kutulutsa dopamine wochuluka kuposa amene chakudya, ntchito yabwino kapena chikondi cha abale chingatulutse, mwakuti pakapita nthawi zinthu zonsezi zimazizira, chotsala n'chibaba chokha. Wosuta amatha masiku osagona, osamva njala, kenako amayamba kukayikira aliyense ndi kumva mawu amene ena sakuwamva. Onjezani pamenepo malo amene wakuliramo. Mafakitale amene ankalemba anthu ambiri ntchito mu Mutare, monga Mutare Board and Paper Mills ndi Karina Textiles, anatsekedwa. Mu 2005 Operation Murambatsvina inagwetsa nyumba ndi misika, ndipo lipoti la Anna Tibaijuka ku United Nations linati anthu pafupifupi 700,000 m'dziko lonse anataya pokhala, popezera ndalama kapena zonse ziwiri. Kuyambira 2006 anyamata ambiri anathamangira dayamondi ku Chiadzwa, kumene bungwe la Human Rights Watch linati anthu oposa 200 anaphedwa asilikali atalowako mu 2008, chaka chomwechonso ndalama ya dziko inasanduka mapepala. Kwa zidzukulu za anthu obwera panali chipsinjo china: lamulo la 2001 linawalanda ambiri unzika, ndipo ngakhale malamulo aakulu a dziko a 2013 anawabwezera, alipobe amene akuvutika kupeza chitupa. Mwana wobadwa m'zaka zimenezo sanasankhepo chimodzi mwa zonsezi.

Akatswiri ena amapitirira apa n'kunena kuti palibe munthu, wosuta kapena wosasuta, amene amasankha kanthu. Amakonda kutchula kafukufuku wa Benjamin Libet wa mu 1983. Iye ankauza anthu kuti agwedeze dzanja nthawi iliyonse imene afuna, ndipo anapeza kuti ubongo umayamba kukonzekera pafupifupi theka la sekondi dzanja lisanagwedezeke, pamene munthuyo amazindikira kuti wafuna kugwedeza patatsala kanthawi kochepa kuposa pamenepo. Robert Sapolsky, m'buku lake la mu 2023 lotchedwa Determined, akuti tikaphatikiza chibadwa, ubwana ndi malo, sipatsala mpata wa ufulu wosankha, choncho kudzudzula munthu kulibe maziko. Ndikuona kuti akatswiriwa akufunafuna ufuluwo pamalo olakwika. Kugwedeza dzanja popanda chifukwa si chisankho chimene chikumbumtima chimagwirapo ntchito. Zisankho zimene timaimbirana mlandu zimatenga nthawi: munthu amalingalira usiku, amamva malangizo a amalume ake, amachita manyazi, amalonjeza, amapewa njira yodutsa pakhomo pa wogulitsa. Zoti zonsezi zimachitikira muubongo n'zoona, nanga zikanachitikira kuti? Funso lothandiza si lakuti kodi chisankho chili ndi chochititsa, pakuti chilichonse chili nacho. Funso n'lakuti kodi munthuyu akamva chifukwa chabwino angathe kusintha njira. Amene angathe ali ndi ufulu umene tikuunenawu, ndipo ndi wokwanira kuti timufunse mlandu.

Aristotle anaiganizira nkhani ya woledzera kalekale. Iye ankati munthu amene wadzilowetsa m'chizolowezi ali ngati amene waponya mwala: ukachoka m'manja sangaubweze, koma kuponyako kunali kwake. Malamulo a Zimbabwe amatsata ganizo lomweli, pakuti kuledzera mwadala sikumupulumutsa munthu ku mlandu wa zimene wachita ataledzera. Apa pali choonadi, koma Aristotle anaumitsa nkhani mopitirira. Anthu ambiri okodwa m'chizolowezi amatulukamo. Pa nthawi ya nkhondo ya ku Vietnam, Lee Robins anafufuza asilikali a ku America ndipo anapeza kuti pafupifupi mmodzi mwa asanu alionse anali atakodwa ndi heroin ali kunkhondoko. Boma linkaopa kuti akabwerera kwawo mizinda idzadzaza ndi anthu osokonekera. Sizinatero. Mwa okodwawo, pafupifupi 5 pa 100 alionse ndi amene anakodwanso m'chaka choyamba atafika kwawo, ndipo pa zaka zitatu anali pafupifupi 12 pa 100. Ubongo wawo unali womwewo, chimene chinasintha ndi malo, anzawo, mtengo wa mankhwala ndi zoyembekezera za mawa. Wina anganene kuti heroin si mutoriro, komanso kuti mnyamata wa ku Chikanga alibe ndege yomuchotsa pamene ali. N'zoona, ndipo mfundo yachiwiriyo ikulimbitsa zimene ndikunena: ngati iye sangachoke pamalopo, ndiye kuti malowo ndi amene ayenera kusintha. Pa za mutoriro weniweniwo, Nora Volkow ndi anzake anajambula ubongo wa osuta mu 2001 ndipo anaona kuti zina mwa zimene zinaonongeka zimabwerera munthu akakhala chaka kapena kuposa osasuta.

Umboni umene ndimaukhulupirira kwambiri ndi wa njira imene mpaka pano yaonetsa mphamvu kuposa zina pothandiza osuta methamphetamine. Palibe piritsi lodziwika lothetsa chibaba cha mankhwalawa. Chimene chimagwira ntchito n'chosavuta kufotokoza: wosuta amayezedwa mkodzo kawiri kapena katatu pa sabata, ndipo ukapezeka wopanda mankhwala amalandira kamphatso kakang'ono tsiku lomwelo, kamene kamakwera akapitiriza. Munthu wopandiratu ufulu sangasinthe chifukwa cha kamphatso. Wodwala khunyu simungamulipire kuti asagwe. Koma wosuta amasintha, kusonyeza kuti mphamvu yosankha ikadalipo. Chimene mutoriro wamulanda ndi mawa: zabwino za chaka chamawa sizimvekanso mumtima mwake, za lero zokha ndi zimene zimalemera. Mukamubweretsera phindu la kusasuta pafupi, chifuniro chake chimapeza pogwira. Harry Frankfurt analemba mu 1971 za wosuta amene amalakalaka mankhwala koma n'kumadana ndi chilakolako chakecho. Mayi aliyense amene mwana wake anamulirira m'mawa kuti akufuna kusiya, madzulo n'kusutanso, amamudziwa munthu ameneyu. Kulira kwa m'mawako si bodza ayi, ndi mbali ya mwanayo imene tiyenera kuilimbitsa.

Tsopano pali amene amafunsa, ndipo amafunsa bwino, kuti nanga mwana wa pakhomo loyandikana nalo, amene anakulira mu umphawi womwewo, bwanji iye amadzuka m'mamawa kukagulitsa kaunjika osakhudza mutoriro? Kodi kumumvetsa wosuta si kumunyoza wolimbikirayo? Wolimbikirayo ayenera kuyamikiridwa, ndipo kuyamika kumeneku kulibe tanthauzo ngati palibe kusankha. Koma tikayang'anitsitsa timapeza kuti umphawi wa anyamata awiriwo sukhala wofanana ndendende. Wina anali ndi agogo omuyang'anira amayi atapita ku Joni, wina anasiyidwa yekha. Wina anapeza mphunzitsi womukhulupirira kapena mchimwene womubwereka mpamba, wina anapeza mnzake womupatsa paipi yoyamba ali ndi zaka 15, msinkhu umene mbali ya ubongo yoletsa munthu kuchita zinthu mopupuluma isanakhwime. Akuluakulu anati kuongola mtengo mpoyamba, ndipo mwambiwu umaloza chala kwa oongola osati kwa mtengo wokha. Choncho mlandu ulipo, koma kulemera kwake kumasiyana. Amene amalowetsa mankhwalawa m'dziko ndi kuwagulitsa ali bwinobwino, akuwerenga phindu, ali ndi ufulu wonse ndipo mlandu wake ndi wathunthu. Mwana amene wagwidwa ndi kapaketi kamodzi m'thumba sali pamlingo umenewo.

Za kulodzedwa ndi ziwanda ndilankhule mwaulemu, chifukwa makolo amene amathamangira kumeneko amatero ndi chikondi komanso chifukwa chosowa kwina kopita. Vuto lake n'lakuti kufotokoza kumeneku kumachita zomwezo zimene Sapolsky akuchita: kumamuchotsa mwanayo m'nkhani yake yomwe. Ngati anamuchita ndi azakhali a kumudzi, iye alibe chochita koma kudikira kuti wina amumasule, ndipo akagwanso banja limangofuna mfiti ina. Mipingo yathu ili ndi nzeru yoposa pamenepa. A CCAP, amene Sinodi yawo ya Harare inayamba ndi ntchito yotumikira anthu obwera kuchokera ku Nyasaland, anatengera kwa John Calvin chiphunzitso champhamvu chakuti Mulungu amalamulira zonse, komabe sanasiye kuitanira munthu ku bwalo la akulu ampingo akalakwa, kumulanga ndi kumulandiranso. Asilamu nawonso amakhulupirira chikonzero cha Mulungu popanda kuchotsa udindo wa munthu pa ntchito zake. Pemphero lipitirire, koma lisalowe m'malo mwa chipatala, ndipo lisamuphunzitse mnyamata kuti manja ake si ake.

Peter Strawson ananena mu 1962 kuti tikasiya kukwiyira munthu, kumuyamika ndi kumukhululukira, n'kuyamba kumuona ngati chinthu chongofunika kuchikonza, timakhala tamutulutsa pakati pa anthu. N'chifukwa chake sindigwirizana ndi chifundo chimene chimati mwanayo asafunsidwe kanthu. Mbaula ya amayi ake aibweze, kaya ndi ndalama kaya ndi thukuta, ndipo apepese pamaso pa abale monga mmene milandu ya pabanja imathera kwathu. Kumufunsa zimenezi ndi kumuuza kuti tikumuwerengerabe ngati munthu. Chimene ndikukana ndi chilango chimene chimachepetsa ufulu umene watsalawo. Kumutsekera wosuta kwa miyezi pamodzi ndi akuba ozolowera, n'kumutulutsa ndi mbiri yomutsekera ntchito kulikonse, ndi kumulanda mawa kachiwiri. Apolisi anayamba ntchito yaikulu yosaka mankhwala ozunguza bongo mu February 2023, ndipo mu June 2024 Pulezidenti Emmerson Mnangagwa anakhazikitsa ndondomeko ya dziko yolimbana ndi vutoli mpaka 2030, imene ikutchulanso za chithandizo ndi kubwezeretsa anthu m'madera mwawo. Ndondomekoyo tidzaiyeza ndi chimene mayi wa ku Chikanga angapeze pafupi ndi kwawo tsiku limene mwana wake wavomera kuthandizidwa, pakuti zipatala zazikulu za matenda a maganizo monga Ingutsheni ku Bulawayo ndi Ngomahuru ku Masvingo zili kutali.

Ena adzati kupatsa wosuta mphatso chifukwa chosasuta n'kupanda chilungamo kwa mwana wabwino uja, komanso ndalama zake kulibe. Koma kumusunga munthu m'ndende nakonso kumadya ndalama za misonkho tsiku ndi tsiku, ndipo mwana wabwinoyo ndi amene amaberedwa foni wosutayo akatuluka asanasinthe. Dziko la Zimbabwe linaonetsa kale kuti chithandizo sichidikira madokotala ambiri: Friendship Bench, imene Dixon Chibanda anayambitsa ku Mbare, inaphunzitsa agogo aakazi kukambirana ndi anthu ovutika maganizo pa benchi ya pachipatala, ndipo kafukufuku wa mu 2016 anatsimikiza kuti zimathandiza. Khonsolo ya Mutare, imene imayendetsa zipatala zazing'ono za m'malokeshoni, iyese njira yoyeza ndi kupereka mphatso ija pa chipatala chimodzi, ndipo ilengeze zotsatira zake. Makhoti atumize wogwidwa ndi kapaketi ku chithandizo, ndende aisungire ogulitsa. Mipingo ndi mizikiti ithandize ana opanda chitupa kuchipeza. Ndipo inu makolo, mwana wanu akanena kuti akufuna kusiya, pitani naye kuchipatala tsiku lomwelo, musadikire kuti ayambe watsimikiza kuti akunena zoona.